Miyala ya mu Songwe: Yosalala ndi ya Ngodya

Munthu akaima pa mlatho wa Songwe, pamalire a Malawi ndi Tanzania, makilomita pafupifupi 45 kumpoto kwa tawuni ya Karonga, miyala saiona. Amaona mathiraki ali pamzere kudikira mapepala, anyamata a kabaza, osintha ndalama, ndi amayi osenza katundu kuchokera ku Kasumulu tsidya linalo. Pansi pa mlathowo pamadutsa madzi ofiirira, ndipo m'mbali mwake muli matope ndi mchenga basi. Apa mtsinje watsika kale m'mapiri, wafika pachigwa cha mpunga cha kwa Mwakaboko, ukungokhotakhota kulowera kunyanja. M'dzinja umasefukira n'kusintha njira, mpaka munda umene unali ku Malawi umapezeka uli ku Tanzania.

Mchenga umenewo ndiwo mathero a miyala. Wofuna kuiona isanaperedwe chonchi akwere ndi mtsinje kulowera kumadzulo, cha ku Ngana, kumene madzi amathamanga pakati pa zitunda. Madzi akaphwa mu Seputembala ndi Okutobala, m'makona a mtsinje mumatsala milu ya miyala yobulungira. Mtsinjewu ndi malire a mayiko awiriwa kwa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo pa ulendo wonsewo umabenthula chidutswa pa thanthwe lililonse limene wadutsapo. Choncho mulu umodzi ungathe kuonetsa matanthwe a dera lonse. Ku Songwe si kumene munthu angalemerere ndi miyala yamtengo wapatali, koma kwa wofuna kuphunzira kuzindikira miyala, malo oposa awa m'Malawi muno ndi ochepa.

Tolani mwala wa mizeremizere, yoyera ndi yakuda. Umenewu ndi gneiss, ndipo kwawo ndi kumapiri a Misuku ndi kwina m'boma la Chitipa, kumene matanthwe ali ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni. Thanthwelo linakwiririka pansi kwambiri, linatenthedwa ndi kupsinjidwa osasungunuka, mpaka timiyala ta m'kati mwake tinandandalikana mbali imodzi. Mizereyo ndi chipsera cha kupsinjidwako.

Wina ndi wotuwa kapena wofiirira, wokhakhala, ndipo mukaupala ndi mpeni umayoyoka. Uwu ndi mchenga wa mitsinje yakalekale umene unagwirana n'kukhala thanthwe. Akatswiri amauika m'gulu la matanthwe a Karoo, dzina la dera lina louma la ku South Africa. M'matanthwe amenewa ndi mmene muli malasha a ku Ngana, a ku Kiwira tsidya la Tanzania, ndi a ku Mchenga m'boma la Rumphi. Malasha ndi zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo nthawi zina mukang'amba mwala wakuda wopyapyala umene umagona pamwamba pa malasha mumapeza chithunzi cha tsamba, mitsempha yake ikuoneka bwinobwino.

Kukacha bwino, kumpoto kumaoneka phiri la Rungwe, limene linakula ndi chiphalaphala chotuluka pansi. Linzake loyandikana nalo, Kyejo, linaphulika komaliza cha m'ma 1800. Amene amapita ku Tukuyu amaona m'mbali mwa msewu mwala wakuda wolemera wa basalt, komanso pumice, mwala wa timabowo tambirimbiri, wopepuka moti umayandama pamadzi. Poyerekeza ndi gneiss, imeneyi ndi miyala ya dzulodzuloli.

Yakale ndi yatsopano yapezeka pamodzi chonchi chifukwa Karonga ali pamene dziko likung'ambika. Nyanja ya Malawi yakhala mu mng'alu umenewo, ndipo mapiri a Livingstone tsidya lija ndi mlomo wa mng'aluwo umene unatukuka. Zivomezi za mu Disembala 2009, zimene zinagwetsa nyumba zambiri m'bomali, zinaonetsa kuti kung'ambikako kudakalipo. Mbali ina ikamamira ina ikutukuka, matanthwe amene kwina ali pansi penipeni amavundukuka, ndipo mitsinje imawapeza.

Mwala wochuluka kuposa yonse pa mulu wa mumtsinje uja ndi umene aliyense amaudziwa: nsangalabwi, yoyera kapena yachikasu pang'ono, imene atsikana amasewerera phada ndipo anyamata amaika mu legeni. Dzina lake kwa akatswiri ndi quartz. M'mapiri quartz si wochuluka chotero, koma mumtsinje amapambana chifukwa anzake amathera panjira. Feldspar amawola pang'onopang'ono n'kusanduka dongo. Mica amasendeka n'kukhala tizidutswa tonyezimira timene ambiri amatiyesa golide. Malasha amanyenyeka asanafike patali. Quartz sawola ndipo ndi wolimba, choncho amangotha ngodya, n'kubulungira, n'kuchepa mpaka kusanduka mchenga. Tengani nsangalabwi ziwiri zouma muzikhulanitse mwamphamvu mumdima, mudzaona kuwala kwachikasu m'kati mwake. Mwala womwewu ndi umene uli mu wotchi ya batire, mmene kachidutswa kake kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse.

Kulimba kwa miyala kuli ndi muyeso wake, umene anaukonza Friedrich Mohs wa ku Germany mu 1812. Iye anandandalika miyala khumi, uliwonse wotha kukanda umene uli pansi pake. Wofewetsetsa ndi talc, pa 1, ndipo wolimbitsitsa ndi dayamondi, pa 10. Calcite ali pa 3, feldspar pa 6, quartz pa 7, ndipo corundum, amene ndiye ruby ndi sapphire, ali pa 9. Ubwino wa muyesowu ndi woti zida zake zili m'thumba. Chikhadabo chili cha pa 2.5, mpeni wamba ndi galasi zili cha pa 5.5. Mwala woyera umene mpeni ukuukanda si quartz. Mwina ndi calcite, ndipo mukaupera n'kudonthezapo viniga umachita thovu. Mwala umene ukukanda botolo mosavuta wafika pa 6 kapena kuposa. Kuyesa kumeneku kumapulumutsanso ndalama. Pali anthu amene amagulitsa zidutswa za botolo lobiriwira kapena labuluu n'kumati ndi miyala yamtengo wapatali. Nsangalabwi imakanda galasi lotere, ndipo mukaliyang'anitsitsa padzuwa nthawi zambiri mumaona timathovu ta mpweya tobulungira, timene kawirikawiri m'mwala weniweni simukhala. Golide nayenso savuta: ndi wofewa, amalemera ka 19 kuposa madzi, ndipo mukamumenya ndi nyundo amaphwatalala. Pyrite, amene wanamiza anthu ambiri chifukwa cha mtundu wake wachikasu, amasweka, ndipo mukamukhula kuseri kwa matailosi amasiya mzere wakuda.

Anthu akale a ku Karonga ankadziwa za kulimba kumeneku Mohs asanabadwe. M'zaka za m'ma 1960, J. Desmond Clark anafukula pamudzi wa Mwanganda, pafupi ndi tawuni ya Karonga, mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamwala. Kafukufuku wina amene anayamba m'bomali mu 2009 wapeza zida zoterezi zambirimbiri. Zochuluka ndi za quartz ndi quartzite, miyala imene eni ake ankaisankha m'milu ya m'mitsinje chifukwa ikasweka imasiya mpeni wakuthwa.

Komabe amene amasonkhanitsa miyala masiku ano safuna nsangalabwi yobulungira. Amafuna krustalo, mwala umene unakula wokha uli ndi nkhope zosalala ndi ngodya zakuthwa, popanda munthu kuusema. Nsangalabwi ndi krustalo wa quartz ndi chinthu chimodzi. Kusiyana kwake n'koti mtsinje unafafaniza nkhope za winayo, kapena sanakhale nazo n'komwe chifukwa anakulira pothinana. M'kati mwa mwala wotere maatomu amasanjana mwa dongosolo limodzi lobwerezabwereza, monga njerwa pakhoma, ndipo mawonekedwe akunja amatsata kasanjidwe ka m'katiko. Quartz amakula ndi mbali zisanu ndi imodzi, n'kusongoka kumapeto. Mbalizo zingathe kusiyana kukula, ina yotakata ina yopapatiza, koma ngodya ya pakati pa mbali ziwiri zoyandikana imakhala madigiri 120, kaya mwalawo ndi wa ku Mzimba kapena wa ku Brazil. Nicolas Steno wa ku Denmark ndiye analemba zimenezi mu 1669. Mchere uli ndi kasanjidwe kena, ndipo umakula m'timabokosi ta mbali zofanana. Sungunulani mchere wambiri m'madzi, muike m'mbale pamthunzi, madziwo aume okha, timabokosito tidzaoneka. Madzi akauma msanga timakhala tating'ono, akauma mochedwa timakula.

Lamulo la mchereli ndilo la miyala yonse: krustalo wamkulu amafuna nthawi ndi malo. Basalt wa ku Rungwe anazizira panja mwamsanga, n'chifukwa chake timiyala take tambiri sitioneka ndi maso. Ku Mzimba kunachitika zina. Granite atatsala pang'ono kuuma pansi pa nthaka, phala lotsalira, lodzaza madzi ndi zinthu zosowa monga beryllium ndi boron, linalowa m'ming'alu ya matanthwe. Madziwo ankalola maatomu kuyenda momasuka, motero makrustalo anakula aakulu kwambiri. Mitsempha yotereyi imatchedwa pegmatite, ndipo ndi imene okumba a ku Mzimba amaitsatira ndi piki ndi tchizulo pofuna aquamarine, tourmaline ndi rose quartz. Yofanana nayo ilinso tsidya la Zambia, ku Lundazi.

Mtundu wa mwala nthawi zambiri umachokera ku kachinthu kochepetsetsa kamene kanalowerera. Aquamarine ndi beryl amene muli chitsulo pang'ono, ndicho chimamupatsa mtundu wa madzi a m'nyanja. Emerald wa ku Kagem ku Zambia ndi beryl yemweyo, koma muli chromium. Chromium yemweyo akalowa mu corundum amabala ruby wofiira, monga wa paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, pamene corundum anadziwika mu 1958. Amethyst ndi quartz wa chitsulo pang'ono amene analandira cheza cha m'nthaka, ndipo akakhalitsa pawindo padzuwa mtundu wake umafwifwa. Pa chifukwa chimenechi mtundu ndi mboni yosadalirika. Kulimba, kulemera ndi kasanjidwe ka nkhope ndizo zimanena zoona.

Kunja kwa dziko lino, pakati pa osonkhanitsa miyala, dzina la Malawi limadziwika kwambiri ndi phiri la Malosa ku Zomba. M'mapanga ang'onoang'ono a m'matanthwe ake mumapezeka aegirine, mwala wakuda wonyezimira wotalika ndi wosongoka, utamera pa feldspar woyera pamodzi ndi quartz wa mtundu wa utsi. Aegirine wa ku Malosa amawerengedwa m'gulu la abwino koposa padziko lonse, ndipo amaonetsedwa pa misika ikuluikulu ya miyala monga wa ku Tucson ku America ndi wa ku Munich ku Germany. Amene amamukumba ndi anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phirilo, pamaphompho oopsa, ndipo ndalama imene amalandira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kunjako.

Kumtunda kwa mtsinje wa Songwe nakonso kuli mwala wake wotchuka. Paphiri la Ilomba, m'boma la Chitipa pafupi ndi malire, pali thanthwe la zaka zoposa 600 miliyoni lokhala ndi sodalite, mwala wabuluu wa mizere yoyera, ndipo lakhala likudulidwa m'zibuma zikuluzikulu n'kutumizidwa kunja. Sodalite kawirikawiri sakhala ndi nkhope zooneka. Ukamupeza pansi ali ndi fumbi sungamuyang'ane kawiri. Kukongola kwake kumatuluka akasalalitsidwa. Chimodzimodzi rose quartz wa ku Mzimba, ndi agate wabuluu wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa, amene anakula m'mabowo a mpweya a mu basalt, mzere pamwamba pa mzere, kuchokera kukhoma la bowo kulowera pakati.

Mtsinje umabulungiza mwala koma suunyezimiritsa. Aliyense amene anatolapo mwala wokongola m'madzi n'kufika nawo kunyumba utauma amadziwa mmene umakhumudwitsira. Pakhungu pake pali timikwingwirima tosaoneka ndi maso timene timamwaza kuwala. Madzi amatitseka, akauma timabwerera. Ntchito ya wosalalitsa miyala ndi kuchotsa mikwingwirima ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, kenako ing'onoing'onoyo ndi yochepa koposa, mpaka diso lisaionenso. Njira yosavuta ndi ya chigubu chozungulira ndi injini yaing'ono. Muli miyala, madzi, ndi ufa wolimba wa silicon carbide: woyamba wokhakhala wa nambala 80, kenako 220, kenako 600, uliwonse pafupifupi sabata, ndipo pakati pake zonse zimatsukidwa bwinobwino, poti kambewu kamodzi ka ufa wokhakhala kakatsalira kamawononga ntchito ya mwezi. Miyala ya m'chigubu chimodzi ikhale ya kulimba kofanana. Mukasakaniza sodalite, amene ali pakati pa 5.5 ndi 6, ndi agate wa pafupifupi 7, sodalite adzatha agate asanayambe n'komwe kusalala. Wopanda makina angathe kuchita zomwezi ndi manja, mwala umodziumodzi, ndi sandipepa wa m'madzi. Chachikulu ndi madziwo. Fumbi la quartz likalowa m'mapapo silituluka. Limadzetsa matenda a silicosis, amene avutitsa Amalawi ambiri omwe anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Mwala usaperedwe wouma.

Ufa womalizira, umene umatulutsa kunyezimira, nthawi zambiri ndi cerium oxide. Cerium ndi chimodzi mwa zinthu zosowa zimene zili paphiri la Kangankunde ku Balaka ndi paphiri la Songwe ku Phalombe, pamene kampani ya Mkango Resources ikufuna kutsegula mgodi. Songwe ameneyu ali kummwera, kutali kwambiri ndi mtsinje wa ku Karonga, ndipo matanthwe ake ndi ena.

Apa ndi pamene pamaonekera kufunika kwa kapepala. Mwala uliwonse wosungidwa uyenera kukhala ndi kapepala konena malo amene unatoledwa, boma lake, tsiku, ndiponso ngati unali mumtsinje kapena unachotsedwa pathanthwe. Kulemba kuti "Songwe" kokha sikukwanira. Dzina la mwala lingathe kulakwika, ndipo katswiri wa ku Geological Survey ku Zomba angalikonze ngakhale patapita zaka makumi angapo, koma malo akaiwalika palibe makina amene angawabweze. Ogula akunja amalipira zambiri pa mwala wa malo odziwika kusiyana ndi wofanana nawo wosadziwika kwawo, ndipo kwa wofufuza, mwala wopanda malo ulibe ntchito.

Chinthu china chimene chimawononga chuma chathu ndi nyundo. Okumba ambiri anaphunzira kuti ogula amafuna chidutswa choyera chopanda mng'alu, choyezedwa pa sikelo m'magalamu kapena m'makarati, karati imodzi ili magalamu 0.2. Choncho akapeza krustalo amamugogoda kuti achotse mbali zachifunga. Pa aquamarine wopita kukadulidwa kuti akhale pa mphete, zimenezi n'zomveka. Koma krustalo wathunthu, wa nsonga yosabenthuka, atakhala pa thanthwe limene anamerapo, nthawi zambiri amakhala ndi mtengo woposa zidutswa zake zonse pamodzi. Aegirine alibe ntchito pa mphete. Mtengo wake wonse uli pa kukhala wathunthu. Wotere amafunika kumuchotsa ndi thanthwe lake, kumukulunga yekha m'nyuzipepala, ndi kumutsuka ndi madzi ndi mswachi wofewa. Kumusalalitsa kapena kumupaka mafuta kuti anyezimire n'kumuwononga.

Ilipo miyala ina ku Karonga imene siyenera kulowa m'thumba la munthu. Ku Mwakasyunguti kuli matanthwe ofiira a zaka zoposa 100 miliyoni mmene muli mafupa a madayinoso amene anasanduka mwala. Frank Dixey anatola ena m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Chifaniziro cha mafupa ake chili mu Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Katswiri wa kuno kwathu, Elizabeth Gomani, anafotokoza za nyama inanso ya m'matanthwe omwewo, Karongasaurus, mu 2005. Ku Uraha, mu 1991, kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mafupa oterewa, pamodzi ndi zida zamwala zija, amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Wowapeza awasiye pomwepo, ajambule chithunzi, n'kukanena ku myuziyamu, chifukwa dothi limene fupalo lagonamo ndilo limanena zaka zake.

Ina ndi ya ku Kayelekera, makilomita oposa 50 kumadzulo kwa tawuni ya Karonga, kumene kampani ya Paladin inatsegula mgodi wa yureniyamu mu 2009, n'kuuimitsa mu 2014, ndipo Lotus Resources inauyambitsanso mu 2025. Yureniyamuyo ali mu mchenga wa Karoo womwe uja. Pamene mpweya ndi madzi zamufikira, amasanduka timakrustalo tachikasu chobiriwirira, monga autunite, tokongola ndithu. Timatulutsa cheza ndi mpweya wa radon, ndipo fumbi lake ndi la poizoni. Si mwala woika m'chipinda chogona kapena wopatsa mwana.

Kutola nsangalabwi mumtsinje n'kuiika pashelefu palibe amene angakufunseni. Koma kukumba, kugula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafuna chiphaso pansi pa lamulo la Mines and Minerals Act la 2023, ndipo kudutsa nayo pachipata chilichonse cha dziko kumafuna chilolezo. Mu 2025 boma linakhwimitsa zinthu: mu Febuluwale linaimitsa kwa kanthawi kutumiza kunja miyala yamtengo wapatali, ndipo mu Okutobala linaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa. Cholinga chake n'choti ntchito yodula ndi kusalalitsa izichitikira konkuno, ndipo pa ruby, aquamarine, agate ndi sodalite mfundoyi ili ndi nzeru. Aegirine wa ku Malosa ndiye amavuta. Iye ndi wosakonzedwa, koma palibenso chimene munthu angawonjezerepo, ndipo pamafunika wogwira ntchito ya boma wodziwa kusiyanitsa krustalo wotere ndi thumba la miyala yopita ku makina odulira.